Trafalgar Square, bwalo limene Chilembwe anaimapo atavala chipewa

Mukatuluka m'sitima yapansi panthaka pa siteshoni ya Charing Cross ku London n'kutsata chikwangwani cha Trafalgar Square, masitepe amakakutulutsirani m'mphepete mwenimweni mwa bwalolo. Choyamba kukulandirani ndi phokoso. Mabasi ofiira akulira kumunsi, madzi akuthovoka m'akasupe awiri, wina akuimba gitala kumtunda, ana akulimbirana kukwera pamsana pa mkango wa mkuwa. Kenako maso amakwera okha, kutsata chipilala chotalika pafupifupi mamita 52 chimene pamwamba pake paima Horatio Nelson, mkulu wa asilikali a panyanja a Britain. Ambiri amajambulitsa pomwepo n'kumapita. Komatu bwaloli ndi lofunika kuliyenda mosafulumira, chifukwa pafupifupi mwala uliwonse unaikidwa ndi cholinga, ndipo zolinga zina zinali zoletsa chinthu chomwe lero latchuka nacho, ndicho kusonkhana kwa anthu.

Kwathu tikati bwalo, tanthauzo lake timalidziwa. Ndi pamene amfumu ndi nduna zawo amazengera milandu, pamene gule amatulukira, pamene mudzi wonse umamvera uthenga. Palibe amene amafunsa kuti bwalo ndi la yani. Trafalgar Square inafika pokhala bwalo lotere kwa anthu a ku London, koma sizinangochitika zokha. Panadutsa zaka pafupifupi 50 za kukokanakokana, ena kuvulala, ena kutaya moyo, boma lisanavomere kuti munthu wamba angathe kuima pamenepa n'kunena zakukhosi.

Kukula kwake si kodabwitsa, ndi ngati bwalo la mpira limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono. Mphamvu yake ili pa malo amene linamangidwa. Kummwera kumatsika msewu wa Whitehall, umene umadutsa pachipata cha Downing Street, kwa nduna yaikulu, n'kukathera ku Nyumba ya Malamulo, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Mukadutsa pansi pa Admiralty Arch, msewu wa The Mall umakakusiyani pakhomo pa Buckingham Palace. Kummawa kuli Strand, wolowera kumakhoti akuluakulu ndi kudera la mabanki. Ndiye kuti munthu woima pabwaloli ali pakati pa mfumu, boma ndi chuma, ndipo wofuna kuti dandaulo lake limveke sangapeze malo oposa amenewa. Ngakhale mtunda wochokera ku London, mwamwambo amauyeza kuyambira pomwepa, pa chiboliboli cha Mfumu Charles I itakwera kavalo, chimene chaima kumunsi kwa bwaloli kuyambira 1675.

Kwa zaka mazanamazana malowa anali khola la mfumu, lotchedwa King's Mews. Poyamba ankasungiramo mbalame zosakira nyama, kenako akavalo. Pozungulira panali tinyumba tothinana ndi tinjira tauve ta anthu osauka. M'zaka za m'ma 1820, John Nash, katswiri wa mapulani amene anakonza mbali yaikulu ya pakati pa London, anaganiza zoti zonsezi zichoke kuti patseguke. Akavalo anasamukira ku Buckingham, tinyumba tija tinagwetsedwa, okhalamo n'kubalalika. Nash anamwalira mu 1835 ntchito isanapite patali. Dzina la bwaloli linachokera ku nkhondo ya panyanja ya pa 21 Okutobala 1805, pamene zombo za Britain zinagonjetsa za France ndi Spain pafupi ndi Cape Trafalgar, Nelson n'kufera pomwepo atawomberedwa.

Amene anamaliza ntchito ndi Charles Barry, yemwenso analemba mapulani a Nyumba ya Malamulo. Vuto lake loyamba linali nthaka. Malowa ndi otsetsereka kuchokera kumpoto kulowera ku mtsinje wa Thames, ndipo National Gallery, nyumba yosungiramo zithunzi zopenta imene inatsegulidwa kumtunda kwake mu 1838, anthu ankaiona yaifupi ndi yonyozeka. Barry anakumba n'kusalaza pakati, kumtunda n'kumanga khoma lochirikiza dothi lotalika kuposa mamita 4, ndi masitepe kumbali zonse ziwiri. Potero nyumbayo inaoneka ngati yakwera pamwamba. Bwalo linatsegulidwa pa 1 Meyi 1844.

Maiwe awiri a akasupe aja ndiye ali ndi nkhani. Zaka zimenezo gulu la Chartists linkafuna kuti mwamuna aliyense azivota, ndipo akuluakulu a boma ankakumbukira zimene khamu linachita ku Paris poukira mafumu a ku France. Malo aakulu opanda kanthu pafupi ndi maofesi a boma ankawachititsa mantha. Maiwe okhala ndi akasupe anakongoletsa bwalo, inde, koma anadyanso gawo lalikulu la poima anthu n'kuligawa khamu m'timagulu. Mpaka lero wokonza msonkhano aliyense amalimbana ndi zimenezi: anthu sangaime pamodzi ngati mpingo umodzi, amadzaza mpata wa pakati pa maiwe, ena m'mbali, ena pamasitepe. Akasupe amene alipo panowa ndi a Edwin Lutyens, a kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Oyamba aja anaperekedwa ku Canada. Mu 2009 anaikamo mapampu atsopano otha kuponya madzi mamita 24 m'mwamba, koma tsiku ndi tsiku amawachepetsa mphamvu, chifukwa kukangowomba mphepo madziwo amanyowetsa odutsa.

Chipilala chinamangidwa pakati pa 1840 ndi 1843 potsata pulani ya William Railton, ndi miyala yolimba ya ku Dartmoor. Chiboliboli cha Nelson, chosemedwa ndi Edward Hodges Baily, ndi chotalika kuposa mamita 5, ngakhale kuchokera pansi chimaoneka chaching'ono. Mikango inayi inachedwa zedi, inafika mu 1867. Woikonza, Edwin Landseer, anali wopenta zithunzi za nyama, osati wosema. Anapempha mkango wakufa kumalo osungira nyama a ku London kuti aziuyang'ana, koma unayamba kuwola asanamalize, n'chifukwa chake anthu amati mapazi ake akufanana ndi a mphaka. Misana yake inasalala chifukwa cha anthu okwerapo, ndipo kukagwa mvula imaterera koopsa. Mikangoyi ili pamwamba ndithu, pansi pake ndi mwala. Kholo lililonse liganize kawiri lisanakwezepo mwana.

Pali chinthu china chimene alendo ambiri amachiphonya. Patsinde pa chipilala pali zithunzi zinayi za mkuwa, zosungunulidwa kuchokera ku mizinga yolandidwa kwa Afalansa, zoonetsa nkhondo za Nelson. Pitani ku mbali yoyang'ana ku Whitehall, pa chithunzi cha imfa yake, muyang'ane kumanzere. Muona mnyamata wakuda, wogwira ntchito m'chombo, atagwira mfuti, maso ali m'mwamba kufunafuna kumene chipolopolo chachokera. Anthu akuda analipodi m'zombo za Nelson. Kwa zaka zambirimbiri, nkhope ya munthu wakuda pabwalo lonseli inali yomweyi, yopanda dzina, pansi pa mapazi a mkulu wankhondo.

Anthu sanachedwe kuyesa bwalo latsopanoli. Mu Malichi 1848, chaka chimene maufumu ambiri a ku Ulaya anagwedezeka, msonkhano wotsutsa msonkho unasanduka chipwirikiti cha masiku angapo, ndipo boma linaletsa misonkhano pamalopo. M'zaka za m'ma 1880 ntchito zinasowa, anthu opanda pokhala anayamba kugona pabwalopo usiku, ndipo masana atsogoleri a apantchito ankawalankhula. Mu Febuluwale 1886 msonkhano wa anthu osowa ntchito unathera pa kuswa mawindo a mashopu ndi makalabu a anthu olemera. Chaka chotsatira mkulu wa apolisi, Charles Warren, analetsa misonkhano yonse. Pa 13 Novembala 1887 magulu a anthu anabwera ndithu kuchokera mbali zosiyanasiyana za mzinda, kudandaula za ulova ndi za ulamuliro wankhanza ku Ireland. Anapeza apolisi pafupifupi 2,000 ndi asilikali mazana angapo atazinga bwalo. Apolisi okwera akavalo analowerera khamu ndi zibonga, anthu ambiri anavulala, ndipo tsikulo linatchedwa Bloody Sunday. Patatha mlungu umodzi, mlembi wina wachinyamata dzina lake Alfred Linnell anapondedwa ndi kavalo wa apolisi pafupi ndi bwaloli, n'kumwalira patapita masiku. Maliro ake anasonkhanitsa namtindi wa anthu.

Mu 1892 Herbert Asquith, amene anali nduna ya za m'dziko, analola kuti misonkhano izichitika Loweruka masana, Lamulungu ndi masiku a tchuthi, bola okonza adziwitse apolisi pasadakhale. Apa ndi pamene panayambira dongosolo lomwe likugwirabe ntchito: bwalo ndi lotseguka, koma uyambe wapempha. Kuyambira pamenepo tsinde la chipilala, pakati pa mikango, linasanduka guwa la olankhula. Amayi omenyera ufulu wovota analankhulira pamenepa. Pa 8 Meyi 1945 anthu anavina mpaka kulowa m'maiwe pomva kuti nkhondo ya ku Ulaya yatha. Mu 1956 phungu wotsutsa Aneurin Bevan anadzudzulirapo boma chifukwa chothira nkhondo Egypt polimbirana ngalande ya Suez, ndipo pa Isitala wa 1958 ulendo woyamba wotsutsa mabomba a nyukiliya, wopita ku Aldermaston kumene amakonzerako zida zimenezi, unanyamukira pomwepa.

Kuti muone kuti boma silinasiye kuliopa bwaloli, pitani pakona ya kummwera chakummawa. Pali chipilala chachifupi cha mwala chokhala ndi nyale pamwamba ndi kachitseko kakuda. M'zaka za m'ma 1920 anachiboola mkati kuti wapolisi aziimamo, akusuzumira khamu pa timipata topapatiza, ndi lamya yolumikizana ndi likulu la apolisi. Lero osesa amasungiramo zipangizo zawo.

Kwa ife a kummwera kwa Africa, mbali ya kummawa ndiyo ili ndi mbiri yotikhudza. Pamenepo pali South Africa House, ofesi ya kazembe imene inatsegulidwa mu 1933. M'nthawi ya ulamuliro watsankho, umene makolo athu ambiri opita ku migodi ya ku Joni anaulawa ndi matupi awo, nyumba imeneyi inali chandamale cha aliyense wodana ndi tsankholo. Apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 Malichi 1960, anthu masauzande anadzaza bwaloli patangopita masiku ochepa. Koma chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi chionetsero chosadukiza cha gulu la City of London Anti-Apartheid Group. Chinayamba pa 19 Epulo 1986, ndipo analonjeza kuti sachoka pakhomo pa kazembeyo mpaka Nelson Mandela atatuluka m'ndende. Anaima usana ndi usiku, m'chisanu ndi m'mvula, kwa zaka pafupifupi zinayi.

Chinthu chotere sichiyenda ndi mkwiyo wokha. Chimafuna ndandanda ya olandirana, kuti pakhomopo pasasowe munthu ngakhale 3 koloko ya usiku. Chimafuna wina wolemba zonse zimene apolisi achita, nambala ya wapolisi ndi nthawi yake, chifukwa ndi zimene zimakawombola omangidwa kukhoti. Chimafuna wosunga mbendera, wotolera zopereka, wosainitsa odutsa. Mu Meyi 1987 ena atathira penti yofiira pakhomo pa nyumbayo, apolisi anawasamutsira tsidya lina la msewu, pa masitepe a tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields. Iwo ankawoloka mobwerezabwereza kubwerera pamalo awo, kumangidwa, kubwereranso, mpaka chiletsocho chinachotsedwa. Mandela anatuluka pa 11 Febuluwale 1990. Mu Julayi 1996, ali pulezidenti, anaima pakhonde la m'mwamba la nyumba yomweyo n'kulankhula kwa khamu lodzaza bwalo. Anabweranso pa 3 Febuluwale 2005 kudzalankhula za umphawi wa m'maiko athu.

Chaka chomwecho cha 1990, pa 31 Malichi, bwaloli linaona tsiku lina loipa. Boma la Margaret Thatcher linakhazikitsa msonkho wa pamutu, woti wolemera ndi wosauka a m'dera limodzi azilipira mofanana. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene bwalo lingalandire. Misewu yotulukira itatsekeka, khamu linapanikizika ku Whitehall, apolisi okwera akavalo analowerera, nyumba ndi magalimoto zinatenthedwa, ndipo anthu mazana anamangidwa. Pofika Novembala Thatcher anatula pansi udindo, msonkhowo n'kuthetsedwa pambuyo pake. Okonza misonkhano ndi apolisi omwe amatengapo mfundo imodzi pa tsikuli: ngozi yaikulu pakhamu imabwera potseka njira zotulukira. Ngakhale pa chisangalalo ndi chimodzimodzi. Usiku wolowa chaka cha 1983 amayi awiri anafa ataponderezedwa pabwaloli anthu akubalalika. Masiku ano makombola a chaka chatsopano amaphulitsidwira m'mbali mwa Thames, ndipo kuyambira 2014 kumalowedwa ndi matikiti.

Amene anaona bwaloli chaka cha 2003 chisanafike amakumbukira kuti linali ngati chilumba. Magalimoto ankalizungulira mbali zonse zinayi, ndipo msewu wodzaza unkadutsa pakati pa National Gallery ndi bwalo. Kuti ufike pa mikango unkayenera kudikira maloboti kangapo, choncho anthu a mumzindamo ankangolilambalala, n'kulisiyira alendo ndi nkhunda. Mu 2003, potsata pulani ya kampani ya katswiri wa mapulani Norman Foster, anatseka msewu wa kumpotowo n'kuusandutsa khonde la oyenda pansi. Anaboola khoma la Barry pakati n'kuikapo masitepe otambalala, ndipo pansi pa khondelo anamangapo zimbudzi, kogulitsira tiyi ndi zikepe za oyenda pa njinga za olumala. Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi inalisintha bwaloli kuposa chiboliboli chilichonse. Masitepewo anasanduka mipando. Nthawi ya nkhomaliro mumapeza ogwira ntchito m'maofesi atakhalapo ndi chakudya chawo, ndipo pa msonkhano ndi pamene okalamba ndi a ana amakhala n'kumaona zonse. Munthu amakhalitsa pamalo pamene pali pokhala, podzithandizira ndi poti afike osaopa galimoto.

Walira mvula walira matope. Khonde lija litatseguka linadzaza ndi oimba, ojambula ndi choko pansi ndi ovala zigoba ofuna ndalama za alendo, mpaka nthawi zina zokuzira mawu zitatu zimapikisana pamalo amodzi. Nkhunda nazo zinali vuto lakalekale. Zinalipo masauzande, chifukwa panali ogulitsa chakudya chake, ndipo zitosi zake zinkadya miyala ndi kudetsa madzi. Meya woyamba wa London, Ken Livingstone, analetsa malonda amenewo mu 2001, ndipo mu 2003 kudyetsa mbalame pabwaloli kunakhala mlandu. Okonda nkhunda anatulukira kuti lamulolo silinkafika pakhonde la kumtunda, n'kumakadyetsera kumeneko, mpaka khonsolo ya Westminster inaika lamulo lake mu 2007. Anabweretsanso akabawi ophunzitsidwa, amene mwini wake amawaulutsa mmawa kuti nkhunda zizichita mantha.

Nkhani ya nkhundayi ikuonetsa chinthu chimene chimasokoneza ambiri ofuna kuchita zinthu pabwaloli, chakuti lili ndi oyang'anira awiri. Pakati, pamene pali maiwe ndi chipilala, ndi malo a ufumu koma amayendetsedwa ndi Greater London Authority, ofesi ya Meya, kuyambira 2000. Khonde la kumtunda ndi misewu yozungulira zili m'manja mwa khonsolo ya Westminster. Chilolezo cha mbali imodzi sichigwira ntchito ku mbali inayo. Pakatipo pamakhala alonda ovala yunifolomu usana ndi usiku, ndipo ndi amene amakuuzani kuti mutuluke m'madzi, muzimitse chokuzira mawu kapena muchotse tebulo la malonda.

Ngati mpingo wanu, bungwe la Amalawi kapena kwaya ikufuna kuchita kanthu pamenepa, yambani ndi kulembera ofesi ya Meya nthawi ikadalipo, chifukwa masiku a Loweruka ndi Lamulungu amatengedwa msanga. Popanda chilolezo cholembedwa simuloledwa kuchititsa msonkhano, kugwiritsa ntchito zokuzira mawu, kugulitsa kapena kumanga tenti. Konzekerani kufotokoza tsiku ndi maola, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekeza, zipangizo zimene mubweretse, ndi anthu angati osungitsa bata amene muli nawo. Mudzafunika chikalata chosonyeza ngozi zimene zingachitike ndi mmene mungazipewere, komanso inshuwalansi yolipira wina akavulala. Ngati pali kuguba mumsewu musanafike pabwalo, imeneyo ndi nkhani ina: lamulo la 1986 limafuna kuti apolisi alandire kalata masiku 6 athunthu tsikulo lisanafike, yonena tsiku, nthawi, njira ndi dzina la wokonza. Apolisi ali ndi mphamvu yosintha njira kapena nthawi, ndipo kuyambira 2022 angathenso kuika malire chifukwa cha phokoso.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa ndi zodziwika. Ena amabwera ndi kachokuzira mawu ka m'manja, osadziwa kuti mkokomo wa akasupe ndi mabasi umameza mawu, moti a kumbuyo samva kanthu ndipo amayamba kuchoka. Ena amaiwala kuti mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo miyala ya pabwalopo imazizira mpaka m'mafupa. Ena amauza anthu awo kuti "tikumane pa mkango", pamene mikango ilipo inayi ndipo yonse yazingidwa ndi alendo. Ndi bwino kunena masitepe a St Martin-in-the-Fields kapena chiboliboli cha Mfumu George IV. Pakakhala khamu lalikulu, zipata za Charing Cross zimadzaza kapena kutsekedwa, choncho uzani anthu kuti masiteshoni a Embankment ndi Leicester Square ali pamtunda wa mphindi zochepa wapansi. Ndipo zinyalala zonse ndi udindo wa wokonza. Mukasiya bwalo lauve, mudzavutika kupezanso chilolezo.

Chaka chonse bwaloli limalandirana mitundu. Kumayambiriro kwa chaka kumakhala chikondwerero cha chaka chatsopano cha Atchaina, mu Malichi anthu a ku Ireland pa tsiku la St Patrick, kenako Asikh pa Vaisakhi. Lachisanu Loyera pamachitika sewero la masautso a Yesu, lokhala ndi bulu ndi akavalo enieni. Asilamu amabwera ndi Eid, Ahindu ndi Diwali, Ayuda amayatsa nyale za Chanukah. Zonsezi kulowa ndi kwaulere. Mtengo wa Khirisimasi umachokera ku Oslo chaka chilichonse kuyambira 1947, ngati zikomo wa dziko la Norway, popeza mfumu yawo Haakon VII ndi boma lake anathawira ku London pa nkhondo yachiwiri. Umakhala wa zaka 50 mpaka 60, wotalika mamita 20 kapena kuposerapo. Amaudula mu Novembala, kuukweza m'chombo, kuuimika ndi makina onyamulira katundu, n'kuuyatsa Lachinayi loyamba la Disembala, magetsi ake atatsika molunjika kuchokera pansonga monga amachitira ku Norway. Madzulo makwaya amaimba patsinde pake kutolera ndalama zothandizira ovutika. Tchalitchi cha St Martin chapafupicho, chomalizidwa mu 1726, chakhala chikulandira osowa pogona kuyambira nthawi ya nkhondo yoyamba, pamene wansembe Dick Sheppard anatsegulira asilikali chipinda chapansi.

Tsopano nsanja yachinayi. M'makona a bwaloli muli nsanja zinayi za mwala. Pa imodzi pali George IV, pa ziwiri pali Charles Napier ndi Henry Havelock, akuluakulu a asilikali amene anamenya nkhondo za atsamunda ku India. Yachinayi inamangidwa mu 1841 kuti pakhale Mfumu William IV itakwera kavalo, koma ndalama zinatha, ndipo inakhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150. Kuyambira 1999 anayamba kuikapo ntchito za amisiri a masiku ano mosinthanasinthana. Komiti imasankha amisiri ochepa, tizitsanzo tawo timaonetsedwa ku National Gallery kuti anthu anenepo maganizo, kenako opambana amalengezedwa. Mu 2009 mmisiri Antony Gormley sanaikepo chosema chilichonse, anakwezapo anthu wamba 2,400, aliyense ola limodzi, usana ndi usiku kwa masiku 100.

Pa 28 Seputembala 2022 nsalu itachotsedwa, pansanjapo panaima John Chilembwe. Mmisiri wake ndi Samson Kambalu, Mmalawi wobadwa mu 1975 amene amaphunzitsa za luso ku yunivesite ya Oxford. Anatengera chithunzi cha 1914, chojambulidwa pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu, pomwe Chilembwe waima ndi mnzake John Chorley, mmishonale wachizungu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa. Wosadziwa mbiri ya Nyasaland sangaone chachilendo, koma nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo wosavula ankatha kumenyedwa. Kambalu anamusiya Chorley pa msinkhu wa munthu wamba, Chilembwe n'kumukuza kufika pafupifupi mamita 5. Ntchitoyo anaitcha Antelope, dzina limene limatikumbutsa kuti chilembwe ndi nyama ya m'tchire, ndipo Mchewa aliyense akalimva amaganizanso za kasiyamaliro wa ku dambwe.

Taganizirani amene anamuzungulira. Mu Novembala 1914 Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene anthu akuda osauka ankafera nkhondo ya azungu imene sinali yawo. Pa 23 Januwale 1915 anatsogolera kuukira thangata ndi nkhanza za m'minda ya azungu, makamaka ya ku Magomero. Pa 3 Febuluwale anawomberedwa, otsatira ake ambiri anaphedwa, ndipo tchalitchi chija anachigumula. Patatha zaka 107, mbusa amene ufumu wa Britain unamutcha chigawenga anaima pabwalo limene ufumuwo unamangira akuluakulu ake ankhondo, moyang'anizana ndi Napier ndi Havelock, chipewa chili kumutu. Akulu anati mlandu suwola. Si onse anakondwa, ena anakumbutsa za imfa ya William Jervis Livingstone, woyang'anira munda wa ku Magomero, ndi azungu ena amene anaphedwa pa kuukirako, ndipo mkangano umenewo unachitika poyera, m'manyuzipepala ndi patsinde pa nsanja pomwepo. Kwa Amalawi okhala ku Britain, nkhope imene anazolowera kuiona pa ndalama za kwathu inali pakati pa London, ndipo ambiri anapita ndi ana awo kukajambulitsa.

Chibolibolicho chinakhalapo zaka ziwiri, monga mwa dongosolo la nsanjayo, ndipo mu Seputembala 2024 chinapereka malo kwa ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico. Choncho mukapita lero Chilembwe simukamupeza, mukapeza china chimene nachonso chidzachoke nthawi yake ikakwana. Nsanja yake ndi yosavuta kuipeza. Imani pamwamba pa masitepe a pakati, National Gallery ili kumbuyo kwanu, nkhope italoza ku Whitehall kumene nsanja ya Big Ben imaonekera patali. Nsanja yachinayi ili kudzanja lanu lamanja, chakufupi ndi Canada House.